Aganyu a m'Chigwa cha Salinas

Chigwa cha Salinas chili ku California, kumadzulo kwa dziko la America. Kum'mawa kwake kuli mapiri a Gabilan, kumadzulo kuli a Santa Lucia amene amachitchinga kunyanja. Mtsinje wake ndi wodabwitsa: m'chilimwe pamwamba pamangooneka mchenga wokhawokha, chonsecho madzi akuyenda pansi, ndipo ndi madzi amenewo, opopedwa m'zitsime, amene lero amathirira minda ya letesi yotambalala mpaka polekeza maso. Anthu ambiri amene sanapondeko m'chigwachi amachidziwa chifukwa cha kabuku kamodzi, Of Mice and Men, kamene John Steinbeck anatulutsa mu 1937. Kamasimba za aganyu awiri, George ndi Lennie, oyenda limodzi munda ndi munda, ndipo amene akumana nawo amadabwa, ena mpaka kuwakayikira, chifukwa waganyu wa kumeneko ankayenda yekha. Chimene chinachititsa kuti mnzako wa pa ulendo akhale chinthu chachilendo chotero chinayamba kalekale, ndipo gwero lake ndi kagawidwe ka nthaka.

Eni chigwachi oyamba anali a mitundu ya Ohlone, Esselen ndi Salinan. Sankalima. Ankatola mtedza wa m'mitengo ya oak, n'kuusinja, n'kuutsukuluza ndi madzi mpaka kuwawa kutatha, kenako n'kuphika phala. Ankasaka agwape, kugwira nsomba ndi kutentha tchire pa nyengo yake kuti msipu uphuke bwino. Nthano imene akuluakulu a cha ku Monterey anasiyira adzukulu awo imati pachiyambi dziko lonse linamira, n'kungotsala nsonga ya phiri limodzi, ndipo pansongapo panaima chiombankhanga, nkhandwe ndi kambalame koyamwa maluwa. Madzi ataphwa, nkhandwe inapeza mkazi m'mbali mwa mtsinje, ndipo anthu anachokera mwa awiriwo.

Azungu a ku Spain anafika mu 1769, n'kumanga linga ndi mishoni ku Monterey mu 1770, ndipo mu 1791 anatsegula mishoni ina mkatikati mwa chigwa, ku Soledad. Ogwira ntchito m'minda ya eni ake oyamba ku California anapezeka m'mamishoni amenewa, ndipo iwo sankaona n'khobidi lomwe. Munthu akabatizidwa sankabwereranso kwawo popanda chilolezo cha ansembe. Akathawa, asilikali ankamulondola, ndipo mkwapulo unkamudikira. Ankalima tirigu, kuweta ng'ombe ndi nkhosa, kuumba njerwa. Atsikana osakwatiwa ankatsekeredwa m'nyumba yawoyawo usiku. Matenda obwera ndi alendowo, monga chikuku ndi chindoko, anapululutsa midzi yathunthu.

Dziko la Mexico litadziimira palokha mu 1821 n'kutenga California, boma latsopano linalanda minda ya mamishoni m'zaka za m'ma 1830. Papepala, gawo la nthakayo linayenera kubwerera kwa eni ake. Zoona zake n'zakuti inagwera m'manja mwa mabanja ochepa odziwana ndi akuluakulu a boma, banja limodzi maekala masauzande ambirimbiri a msipu wa ng'ombe. America itatenga California mu 1848, chaka chomwe golide anapezeka, malo akuluakuluwo sanaphwanyidwe ayi; anangosintha eni, kuchoka kwa mabanja akale kupita kwa amalonda, maloya ndi akampani ya njanji. M'madera ena a America lamulo la 1862 linkapatsa banja lofuna kulima maekala 160. Ku California wobwera mochedwa ankapeza nthaka yachonde ili kale ndi mwini.

Chilala cha 1863 ndi 1864 chinapha ng'ombe zosawerengeka, ndipo eni malo anatembenukira ku tirigu ndi balere. Tirigu wa ku California ankakwezedwa m'zombo n'kuzungulira kunsi kwa South America mpaka kukafika ku Liverpool. Njanji inafika ku Salinas mu 1872. Koma tirigu ali ndi khalidwe lake: amafuna anthu ambiri pa masabata ochepa okolola, kenako safunanso munthu. Mwini munda waukulu analibe nawo ntchito mabanja oti aziwadyetsa chaka chonse, ana awo n'kumafunanso sukulu. Ankafuna amuna amphamvu, ofika tsiku limene tirigu wacha, ochoka tsiku limene thumba lomaliza lasokedwa. Kuyambira pamenepo eni minda akhala akusakasaka amuna oterowo, mtundu uwu ukatha kapena ukayamba kuvuta, n'kuitana wina.

Oyamba anali Matchaina, amene anamaliza kukhoma njanji yodutsa dziko lonse mu 1869 n'kutsala opanda ntchito. Ndiwo anaumitsa madambo ozungulira tauni ya Salinas, kukumba ngalande ndi kuzula ziputu, mpaka malo amene anthu ankawanyoza anasanduka a ndalama. Akazi a kwawo anali atatsekeredwa kale njira ndi lamulo la 1875, ndipo zikomo wa ntchito yonseyo anali lamulo la 1882 loletsa aganyu a ku China kulowanso m'dzikolo. Pambuyo pawo anabwera Ajapani, makamaka Claus Spreckels atamanga fakitale ya shuga wa biti pafupi ndi Salinas, imene inayamba kugaya mu 1899 ndipo inalibe inzake kukula kwake. Ajapani anachita chimene eni minda sankafuna: ankasunga ndalama, kuitanitsa akazi kwawo, kubwereka malo n'kuyamba kulima zawozawo. Mu 1913 California inakhazikitsa lamulo lowaletsa kugula nthaka.

Pakati pa mitundu yonseyi pankayenda gulu lina, la azungu osauka, ena obadwira ku America komweko, ena ochokera ku Ulaya. Chuma chawo chonse chinali mtolo wa bulangete kumsana. Ankakwera mozemba sitima za katundu, kugona m'mbali mwa mitsinje, kufunditsa nyemba za m'chitini pamoto wa tsatsa, ndipo m'nyengo yozizira ankadzazana m'nyumba zogona zotchipa ku San Francisco, Sacramento ndi Stockton kudikira kuti ntchito iyambenso. Nkhani imene ankauzana kwambiri inali ya Henry Miller, mwini ng'ombe wa malo aakulu zedi m'chigwa cha San Joaquin. Miller analamula akapitawo ake kuti wapaulendo aliyense apatsidwe chakudya ndi pogona usiku umodzi, koma adye antchito atamaliza, ndipo adyere m'mbale zomwezo zosatsuka kuti ophika asadandaule. Apaulendowo ankaitcha njira ya mbale zakuda. Tisanamutame Miller tikumbukire kuti munthu wokhuta satentha nkhokwe ya udzu, komanso kuti nthawi yokolola ikakwana anthu ofuna ganyu ankapezeka pafupi.

Mu Ogasiti 1913 anthu pafupifupi 2,800 anasonkhana pa munda wa banja la Durst ku Wheatland kudzathyola hop, mbewu yofululira mowa. Mwini munda anaitana dala anthu ochuluka kuposa ntchito kuti malipiro atsike. Zimbudzi zinali zowerengeka, kumunda kunalibe madzi akumwa, ndipo wachibale wa mwini munda ankagulitsa chakumwa cha mandimu kwa anthu ouma kukhosi. Apolisi atabwera kudzabalalitsa msonkhano wa odandaula, anthu anayi anafa, ndipo atsogoleri awiri a bungwe la antchito la IWW, Ford ndi Suhr, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Mlandu umenewu ndi umene unachititsa boma kuyamba kuyendera zigono za aganyu.

Steinbeck anabadwira ku Salinas mu 1902. Sanali mwana wa waganyu: bambo ake anadzakhala msungichuma wa boma la Monterey, mayi ake anali mphunzitsi. Koma pa tchuthi, komanso pamene ankasiyasiya maphunziro ake ku yunivesite ya Stanford, amene sanawamalize, ankagwira ntchito m'minda ya kampani ya Spreckels, kudya ndi kugona m'mphala imodzi ndi amuna a mitolo aja. Kabukuka anakalemba mu 1936. Kagalu kake, Toby, kanatafuna pafupifupi theka la zolemba pamanja, iye n'kuyambanso. Mutu wake anautenga mu ndakatulo imene Robert Burns wa ku Scotland analemba mu 1785, ya mlimi amene pulawo yake inagumula chisa cha mbewa.

George ndi wochepa thupi, wochenjera, wa pakamwa pakuthwa. Lennie ndi chimphona cha nzeru za mwana, chokonda kusisita zinthu zofewa koma chosadziwa mphamvu ya manja ake. Athawa ku tauni ya Weed, kumene Lennie anagwira diresi la mtsikana n'kukanika kulitaya, ndipo afika pa munda wina kufupi ndi Soledad kudzasenza matumba a balere pa madola 50 pamwezi. Ali ndi loto limene George amalisimba mobwerezabwereza: kamunda kawokawo, kanyumba, ng'ombe, nkhuku ndi akalulu oti Lennie aziwadyetsa. Pamundapo aliyense ali ndi kusungulumwa kwake. Candy, nkhalamba imene inaduka dzanja pa ntchito, amasesa mphala akudziwa kuti tsiku limene tsache lidzamulemere adzamupitikitsa. Galu wake wokalamba akuwomberedwa ndi waganyu mnzake, Carlson, chifukwa akununkha ndipo alibenso phindu, mphala yonse ili chete. Crooks, wosamala mahatchi, ndiye wakuda yekha pamalopo. Amagona m'kachipinda ka kukhola ndi mabuku ake, ndipo saloledwa kulowa m'mphala kukasewera makadi ndi anzake. Mkazi wa Curley, mpongozi wa bwana, amazungulira pabwalo kufuna wocheza naye, ndipo mpaka buku kutha dzina lake silitchulidwa.

Candy atamva za lotolo akupereka madola ake 350, ambiri mwa iwo chipukuta misozi cha dzanja lija, pa malo a madola 600, ndipo kwa kanthawi zinthu zikuoneka zotheka. Kenako Lennie, pofuna kuletsa mkazi wa Curley kukuwa, akumuthyola khosi osafuna. George akumupeza pa dziwe la mtsinje pamene anapangana kuti zikavuta akabisale, akumuuza kuti ayang'ane kutsidya, akumusimbira za kamunda kaja, n'kumuwombera kunkhongo gulu la Curley lisanafike. Steinbeck anauza mtolankhani wa New York Times kuti Lennie anali munthu weniweni amene anagwira naye ntchito, amene anabaya kapitawo ndi foloko ya udzu mnzake atachotsedwa ntchito, ndipo anatsekeredwa m'chipatala cha amisala. Chaka chomwecho cha 1937 nkhaniyi inaseweredwa ngati zisudzo ku New York, ndipo filimu yoyamba inatuluka mu 1939.

Kwa ine mphamvu ya kabukuka ili pa masamu. Munthu mmodzi wa madola 50 sangagule malo. Ndalamazo zimathera m'tauni Loweruka usiku, pa mowa ndi pa akazi oyendayenda, chifukwa palibe womusungira kapena womudikira kunyumba. Pakufunika anthu atatu kuti madola 600 ayambe kuoneka, ndipo dongosolo lonse la mindayo linakonzedwa moti anthu atatu asakhalitse pamodzi. Crooks, amene waona amuna mazanamazana akudutsa ndi loto lomwelo, amadziwa kuti palibe analipeza. Komabe kabukuka kali ndi polekezera. Pofika 1937 amuna a mtundu wa George anali akutha: mathirakitala ndi makina okolola anali akulanda ntchito ya nyulu zimene waganyu wina, Slim, amayendetsa m'nkhaniyi, ndipo balere anali atapereka malo kwa letesi, wotumizidwa kum'mawa m'mabogi odzaza madzi oundana. Ndipo m'mphala ya m'bukuli mulibe munthu wa ku Philippines kapena wa ku Mexico, pomwe ndiwo ankawerama m'mizere ya letesi pa nthawi imene Steinbeck ankalemba.

Anyamata a ku Philippines anabwera m'zaka za m'ma 1920, dziko lawo lili pansi pa ulamuliro wa America. Akazi a kwawo anabwera ochepa kwambiri, ndipo lamulo la California linawaletsa kukwatira azungu mpaka khoti linalithetsa mu 1948. Mu Januwale 1930 magulu a azungu ku Watsonville, kumpoto kwa Salinas, anakwiya ndi holo ya dansi imene anyamatawa ankavinamo ndi akazi achizungu, n'kuyamba kuwasaka usiku ndi usiku. Mmodzi wa anyamatawo, Fermin Tobera, anawomberedwa ali m'chigono chake. Mu 1934 atanyanyala ntchito ya letesi, msasa wawo wina pafupi ndi Salinas unatenthedwa, ndipo chaka chomwecho lamulo linadula chiwerengero cha obwera kuchokera ku Philippines kufika pa anthu 50 okha pachaka.

Nthawi yomweyo chilala, mphepo za fumbi ndi ngongole zinathamangitsa alimi ang'onoang'ono ku Oklahoma, Texas, Arkansas ndi Missouri. Oposa 300,000 anakhamukira ku California, pamene anthu mazana a masauzande a ku Mexico anali akubwezedwa kwawo, ena mwa iwo obadwira ku America komweko. Alendo atsopanowa anabwera ndi akazi, ana ndi agogo pa magalimoto okhonyokakhonyoka. Steinbeck anayendera misasa yawo, n'kulemba nkhani mu nyuzipepala ya San Francisco News mu 1936, kenako buku lalikulu la The Grapes of Wrath mu 1939, limene akuluakulu a boma la Kern analichotsa m'malaibulale. Malamulo a 1935 opatsa antchito ufulu wokhala ndi mabungwe ndiponso penshoni anadumpha aganyu a m'minda. La 1938 la malipiro ochepetsetsa linawadumphanso. Mabanja achizunguwo anapulumukira ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inawatsegulira mafakitale a zombo ndi ndege.

Minda inatsalanso yopanda anthu, ndipo mu 1942 maboma a America ndi Mexico anagwirizana zobweretsa aganyu a kontirakiti otchedwa bracero. Anati n'za nthawi ya nkhondo yokha, koma zinatha mu 1964, atasainidwa makontirakiti oposa 4 miliyoni. Anali amuna okhaokha. Pamalire ankawavula n'kuwapopera mankhwala a DDT, ndipo m'zaka zoyambirira ankawadula gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro ponena kuti akalandira kwawo. Ambiri anakalamba akuzifunsabe ndalamazo. Chida chawo chinali khasu la mpini wosakwana mkono, limene limakakamiza munthu kuwerama tsiku lonse. Eni minda ankati siliwononga mbande. Aganyu ankati ubwino wake weniweni ndi wakuti kapitawo amaona msanga amene waweramuka. Pa 17 Seputembala 1963, lole yosandutsidwa basi, yochokera kumunda itadzaza aganyu, inagundidwa ndi sitima ya katundu ku Chualar, pakati pa Salinas ndi Soledad, ndipo anthu 32 anafa. Ngozi imeneyo inalimbitsa mawu a amene ankafuna kuti dongosololi lithe.

Amene anayatsa moto wotsatira anali anyamata a ku Philippines aja, tsopano ali ndi imvi. Pa 8 Seputembala 1965, motsogozedwa ndi Larry Itliong, ananyanyala kuthyola mphesa ku Delano. Bungwe la Cesar Chavez ndi Dolores Huerta, la anthu a ku Mexico, linawatsatira, ndipo mitundu iwiri imene eni minda ankaigwiritsa ntchito pophwanyirana masitiraka inapanga bungwe limodzi mu 1966. Anthu m'mizinda anasiya kugula mphesa mpaka eni minda anasaina mu 1970. Chaka chomwecho sitiraka inafika m'minda ya letesi ya ku Salinas, ndipo mu Disembala Chavez anatsekeredwa m'ndende ya m'tauniyo, kumene Coretta Scott King ndi Ethel Kennedy anakamuona. Mu 1975 khasu lalifupi lija linaletsedwa, ndipo California inakhazikitsa lamulo lopatsa aganyu a m'minda ufulu wovotera bungwe lawo.

Chinthu chimodzi chimene bungwelo linachita sichitchulidwa kawirikawiri. Mu 1974 linatsegula ku Delano mudzi wa Agbayani, nyumba zomangidwa ndi anthu ongodzipereka, zoti azikhalamo akuluakulu a ku Philippines amene anakalambira m'minda opanda mkazi, opanda mwana, opanda penshoni, machona enieni. Dzinalo ndi la Paulo Agbayani, amene anafa ali pa sitiraka mu 1967. Mantha a Candy, oti nkhalamba yotha mphamvu ikagona kuti, anayankhidwa pamenepo kwa anthu owerengeka okha.

Lamulo la 1986 linapatsa zitupa aganyu a m'minda oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri anaitanitsa mabanja n'kukhazikika m'matauni a m'chigwachi: Gonzales, Soledad, Greenfield, King City. Pambuyo pawo anafika a mitundu ya Mixtec, Triqui ndi Zapotec ochokera ku Oaxaca, ena osalankhula bwino ngakhale Chisipanishi, ambiri opanda zitupa, mabanja angapo kuthinana m'nyumba imodzi chifukwa lendi ndi yokwera. Zokolola za boma la Monterey, letesi, sitiroberi, brokoli ndi mphesa, zimaposa madola 4 biliyoni pachaka. Steinbeck, amene eni minda ankamuda ali moyo, analandira mphoto ya Nobel mu 1962, anamwalira mu 1968, ndipo kuyambira 1998 tauni ya Salinas ili ndi nyumba yosungiramo mbiri yake. Malipiro a ovataimu pakadutsa maola asanu ndi atatu, amene antchito a m'mafakitale anazolowera kalekale, anafika kwa aganyu a m'minda ikuluikulu ya ku California mu 2022.

Malire atayamba kuvuta kuwoloka, eni minda atembenukiranso ku makontirakiti, tsopano kudzera m'ziphaso za H-2A, zimene zimaposa 300,000 pachaka m'dziko lonse. Ambiri obwera nazo ndi anyamata a ku Mexico opanda mabanja, ogona m'mamotela akale kapena m'zigono za kampani. Mu 2016 kampani ya Tanimura & Antle inamanga nyumba za antchito 800 ku Spreckels, pafupi ndi pamene panali fakitale ya shuga ija. Chilolezo cha mnyamata wa H-2A chokhala m'dzikolo chimadalira ntchito imene anamuitanira. Letesi wa ku Salinas akatha cha mu Novembala, ena amakwezedwa mabasi kupita ku Yuma, ku Arizona, kumene ulimiwo umasamukira m'nyengo yozizira, ndipo otsalawo amabwerera ku Mexico kukadikira kuitanidwanso mu Epulo.